ICARUS M'MASO MWA ALEMBI NDI AMISIRI

Pakati pa nthano za Agiriki akale zimene zidafika m'mabuku a sukulu, palibe imene aphunzitsi amaifotokoza mosavuta ngati ya Icarus. Nthanoyi njaifupi, ndipo phunziro lake limaoneka ngati lili poyera. Mmisiri wina wotchuka, dzina lake Daedalus, adatsekerezedwa pamodzi ndi mwana wake pa chilumba cha Crete ndi mfumu Minos, imene inkalamulira pamtunda ndi panyanja pomwe. Poona kuti njira yotsala idali ya mumlengalenga yokha, mmisiriyo adasonkhanitsa nthenga za mbalame, nazilumikiza ndi ulusi ndi phula, napanga mapiko a iye mwini ndi a mwana wake. Asananyamuke adamlangiza mwanayo kuti asauluke m'munsi kwambiri, kuopa kuti madzi angalemeretse nthenga, ndiponso kuti asakwere pamwamba kwambiri, kuopa kuti dzuwa lingasungunule phula. Mnyamatayo adakomedwa nako kuuluka, nakwera. Phula lidasungunuka, ndipo iye adagwera m'nyanja namira. Mphunzitsi akafika pamenepa amatseka buku nanena kuti mau a akulu amakoma akagonera, ana navomera, belu nkulira.

Ife sitikutsutsa phunziro limeneli, pakuti likupezekadi m'nthanoyo. Koma tikaonetsetsa m'mene alembi, ojambula ndi osema akhala akuonetsera Icarus pa zaka zoposa 2,000, tipeza kuti opambana mwa iwo sadakhutire ndi kuloza chala mwanayo. Maso ao adapita kwa bambo amene adapanga mapikowo, ndiponso kwa anthu amene adali pafupi pamene mwanayo ankagwa. Nkhani imeneyi ikhudza aliyense amene amapatsa achinyamata luso kapena udindo, ndiye chifukwa chake taganiza zoiika pamaso pa aphunzitsi ndi ogwira ntchito za boma.

Choyamba chodabwitsa nchakuti m'mabuku a Agiriki eni ake amene adatifika, za kuuluka kwa Icarus nzochepa. Homer, mu Iliad, atchula Daedalus ngati mmisiri amene adakonzera Ariadne bwalo lovinirapo ku Knossos, atchulanso nyanja ya Icaria, koma sanena za mnyamata wamapiko. Ndipo adalipo Agiriki ena amene nkhani ya mapikoyo sadaikhulupirire. Pausanias, amene adayendera dziko la Greece nalemba zimene adaona m'zaka za m'ma 100 Khristu atabadwa, akuti bambo ndi mwanayo adathawa pa timabwato tiwiri, ndipo luso la Daedalus lidali loikapo mathanga oti mphepo izikankha, pamene asilikali a Minos ankapalasa ndi manja. Bwato la Icarus lidagudubuzika chifukwa mnyamatayo sadadziwe kuliongolera. Icarus amene dziko lonse limamdziwa lero adaumbidwa makamaka ndi alakatuli awiri a Chiroma amene ankalemba m'Chilatini, Virgil ndi Ovid.

Virgil, amene adamwalira zaka 19 Khristu asanabadwe, adaikhudza nthanoyi m'mizere yowerengeka chabe kumayambiriro kwa gawo lachisanu ndi chimodzi la Aeneid. Munthu wamkulu wa m'bukulo, Aeneas, afika ku Cumae, pafupi ndi mzinda wa Naples ku Italy, naima pakhomo pa kachisi wa Apollo. Kachisiyo akuti adamumanga Daedalus atatera kumeneko, ndipo mapiko ake adawapereka kwa mulunguyo. Pa zitseko zake mmisiriyo adasemapo mbiri yonse ya ku Crete: ana a ku Athens amene ankaperekedwa ngati msonkho, chilombo Minotaur chimene chidali munthu mbali ina ng'ombe mbali ina, nyumba ya njira zosokoneza imene iye mwini adamanga, ndi ulusi umene udatsogolera Theseus kutulukamo. Chinthu chimodzi chokha sichidaoneke pa zitsekopo. Virgil akuti Daedalus adayesa kawiri kusema kugwa kwa mwana wake m'golide, ndipo kawiri konse manja ake adalefuka. Munthu amene adatha kupanga chilichonse chimene mfumu kapena mfumukazi idafuna adalephera pamenepa. Mwa zithunzi zonse za Icarus zimene tizitchule m'nkhani ino, ife tiona kuti champhamvu kwambiri ndi ichi chimene sichidasemedwe, ndipo nchithunzi cha bambo wofedwa, chopanda mau alionse odzudzula mwana.

Ovid, amene adabadwa zaka 43 Khristu asanabadwe, ndiye adailemba nthanoyi mwatsatanetsatane m'gawo lachisanu ndi chitatu la Metamorphoses, buku la magawo 15 limene adalimaliza cha m'chaka cha 8 Khristu atabadwa. Icarus wa Ovid ndi mwana weniweni, osati mnyamata wodzitukumula. Pamene bambo wake ali pantchito, iye aimirira pambali akuseka, akuthamangitsa nthenga zimene mphepo ikuulutsa, akukanya phula ndi chala, nachedwetsa ntchitoyo ndi masewera ake, osadziwa kuti akuseweretsa chimene chidzamuphe. Kholo lililonse limene lidayesapo kukonza njinga kapena kusoka chovala mwana ali pambali lidzamzindikira mwana ameneyu. Pomumangirira mapiko, masaya a nkhalambayo anyowa ndi misozi ndipo manja ake anjenjemera. Tiyenera kufunsa: akunjenjemera chifukwa chiyani? Nchifukwa chakuti akudziwa chimene phula limachita likatentha, ndipo akudziwanso msinkhu wa mwana amene akumpatsa mapikowo. Malangizo ake ngabwino ndithu, koma akuwapereka kamodzi kokha, kwa mwana amene sadaulukepo, pa tsiku lomwelo la ulendo wooloka nyanja. Pouluka, bambo atsogola, akucheukacheuka monga mbalame yotulutsa anapiye m'chisa. Mwanayo atagwa, Daedalus aitana dzina lake, naona nthenga zikuyandama pamafunde, ndipo chimene atemberera ndi luso lake lomwe.

Pano tiikepo mau apambali othandiza aphunzitsi a sayansi, chifukwa mwana wochenjera adzafunsa ndithu. Munthu akamakwera mumlengalenga kumanka kuzizira, pafupifupi madigiri 6 pa kilomita iliyonse, monga adziwira onse amene adagonapo pa phiri la Mulanje. Ndipo phula la njuchi silisungunuka mpaka kutentha kutapitirira madigiri 60. Icarus akadafa ndi chisanu asanamve kutentha kwa dzuwa. Mwana wofunsa zotere ayamikiridwe, pakuti safunsa adadya phula.

Koma mbali ya Ovid imene mabuku a ana amaidumpha ndi imene ikutsatira. Pamene Daedalus akuika maliro a mwana wake pa chilumba chimene mpaka lero chimatchedwa Icaria, mbalame ina ikumuyang'ana, ikuomba mapiko ndi kulira mokondwa. Mbalameyo nja mtundu wa nkhwali, ndipo Ovid afotokoza chifukwa cha chimwemwe chake. Kale ku Athens, mlongo wake wa Daedalus adampatsa mwana wake wa zaka 12 kuti amphunzitse umisiri. Mwanayo adali wanzeru kwambiri. Poyang'ana msana wa nsomba adatulukira sowo yochekera matabwa, natulukiranso kampasi ya miyendo iwiri yojambulira mizere yozungulira, yomwe ija ana a sukulu amakhala nayo m'kabokosi ka masamu. Daedalus adachita nsanje ndi mphwake, namkankha kuchokera pamwamba pa phiri lopatulika la mzindawo, nanama kuti wagwa yekha. Mulungu wamkazi Minerva adamgwira mwanayo asanafike pansi namsandutsa nkhwali, ndipo nchifukwa chake, akutero Ovid, mbalameyi siuluka pamwamba ndipo imaikira mazira m'zitsamba, pokumbukira kugwa kwake. Motero m'nthanoyi muli ana awiri amene adagwa kuchokera pamwamba ali m'manja mwa mphunzitsi mmodzi. Woyambayo sadaphwanye langizo lililonse. Mlandu wake udali woposa mphunzitsi wake. Wowerenga amene wadziwa za nkhwaliyi sangathenso kunena ndi mtima wonse kuti Daedalus ndi chitsanzo cha mkulu wanzeru amene mwana adalakwa posamumvera.

Ovid mwini wake adalawa kugwa. M'chaka chomwecho cha 8, mfumu Augustus idampirikitsira ku Tomis, m'mbali mwa Black Sea, kumene lero kuli mzinda wa Constanța ku Romania, ndipo adafera komweko. M'ndakatulo zimene adalemba ali ku ukapolowo adatchulanso Icarus, pochenjeza bwenzi lake za kuopsa koyandikira anthu aakulu.

Chenjezo lotere ndilo lidakula kwambiri m'zaka zotsatira ku Ulaya. M'buku la zithunzi ndi miyambi la Andrea Alciato, limene lidasindikizidwa koyamba mu 1531, Icarus adaikidwa ngati chenjezo kwa openda nyenyezi, anthu ofuna kudziwa zimene munthu sayenera kudziwa. Mu 1588 Hendrick Goltzius wa ku Holland adazokota zithunzi zinayi za anthu ogwa kuchokera kumwamba, Icarus, Phaethon, Tantalus ndi Ixion, aliyense akutembenuzika m'malere, miyendo m'mwamba. Luso la kuzokota kwake nlodabwitsa, koma uthenga wake ndi uja tidauzolowera, wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Sitichedwapo.

Chimene tiyenera kuchedwapo ndi chithunzi chimene chili m'nyumba ya zithunzi ya Royal Museums of Fine Arts ku Brussels, imene idachigula mu 1912. Kwa zaka zambiri chinkadziwika ngati ntchito ya Pieter Bruegel wamkulu, amene adamwalira mu 1569. Akatswiri atachiunika mu 1996 adayamba kukayika, ndipo ambiri tsopano akuganiza kuti wina adachikopera pa chithunzi cha Bruegel cha m'ma 1560 chimene chidatayika. Komabe maganizo ake amavomerezedwa kuti nga Bruegel. Nchachikulu pang'ono kuposa mita imodzi m'litali. Munthu akachiona koyamba samuona Icarus. Patsogolo penipeni pali mlimi wovala malaya ofiira, akulima ndi pulawo yokokedwa ndi kavalo, maso ake ali pamzere. Kumunsi kwake kuli mbusa pakati pa nkhosa zake, watsamira ndodo, akuyang'ana kumwamba, koma kumbali ina. M'mphepete mwa madzi muli msodzi wawerama pa mbedza yake. Chombo chachikulu chikutuluka padoko, mathanga atadzala mphepo. Dzuwa lili pansi, kutali, pafupi kulowa. Pokhapokha munthu atafufuza ndi pamene amaona, kumunsi cha kudzanja lamanja, pakati pa chombo ndi msodzi, miyendo iwiri yoyera ikuphiriphitha pamwamba pa madzi, ndi tinthenga tingapo tikutsika.

Anthu atatu amenewa, mlimi, mbusa ndi msodzi, Bruegel adawatenga kwa Ovid. Koma kwa Ovid iwo ayang'ana kumwamba, naona anthu awiri akuuluka, nazizwa, nayesa kuti ndi milungu. Nazonso zithunzi za pakhoma zimene zidapezeka ku Pompeii, mzinda umene udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, zimaonetsa anthu a pagombe ndi a m'mabwato akuyang'ana zimene zikuchitika. Bruegel adasunga anthuwo koma adatembenuza mitu yao. Panali mwambi m'dziko lakelo wonena kuti pulawo siima chifukwa munthu akufa, ndipo m'tchire la kumanzere kwa chithunzicho mumaoneka chinthu chonga mutu wa munthu wogona pansi, chimene ambiri amati ndi mtembo. Nacho mlimiyo alibe nacho kanthu. Kwa ife amene tidakulira kumene makasu amagona pamudzi pakagwa maliro, mwambi umenewu ngwowawa m'khutu. Ndipo pa nthambi ina pamwamba pa msodziyo pakhala mbalame imodzi, imene odziwa Ovid amaizindikira kuti ndi nkhwali ija. Wojambulayu adawerenga nthanoyo mpaka kumapeto.

Kodi Bruegel akuyamikira mlimiyo kapena akumdzudzula? Akatswiri amagawikana. Ena akuti chithunzichi chikutamanda munthu wakhama amene amasamala ntchito yake, pamene wofuna zapamwamba atha ngati thovu. Kumasulira kumeneku kuli ndi maziko, chifukwa kukugwirizana ndi maganizo a nthawi imeneyo. Koma ife tikayang'ana chombo chija sitikhutira nako. Chili pafupi kwambiri ndi mnyamatayo, chili ndi amalinyero pa zingwe zake, ndipo chikupitirira ulendo. Mlimi anganene kuti adali kutali. A m'chombo sangatero. Mlakatuli wa ku England, W. H. Auden, adaima patsogolo pa chithunzichi mu December 1938, nalemba ndakatulo yotchedwa Musée des Beaux Arts, imene mfundo yake njakuti mavuto a munthu amachitika anzake ali otanganidwa ndi zao. Chaka chimene adalembacho nchofunika. Auden adali atapita ku nkhondo ya ku Spain mu 1937, adali atangobwera kuchokera ku nkhondo ya ku China, ndipo mwezi umodzi m'mbuyomo masitolo ndi masunagoge a Ayuda adaphwanyidwa ndi kutenthedwa m'dziko lonse la Germany, maiko oyandikana nalo akupitiriza malonda ao. Kuyambira pamenepo anthu ambiri akamatchula Icarus wa Bruegel amanena za oonerera.

Amisiri ena adabwerera kwa bambo ndi mwana. Antonio Canova, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, adasema m'mwala wa mabo chifanizo chimene adachimaliza mu 1779, ndipo chili ku Museo Correr ku Venice. Daedalus wake ndi nkhalamba ya thupi lotopa, yawerama, ikumangirira phiko pa mwana ndi chingwe, pamene mwanayo akumwetulira mosadera nkhawa. Zida za umisiri zili pamapazi pao. Canova adasankha mphindi imene ngozi ikadatha kupewedwa, ndipo m'mphindi imeneyo wogwira chingwe ndi bambo.

Pamene anthu adayandikira kuuluka kwenikweni, Icarus adasanduka ngwazi. Otto Lilienthal wa ku Germany, amene ankauluka ndi mapiko opanda injini, adagwa namwalira mu 1896. Zaka ziwiri pambuyo pake, mu 1898, Herbert Draper adajambula chithunzi chimene chili ku Tate ku London, chosonyeza mtembo wa Icarus uli pathanthwe, anamwali a m'nyanja akumlira. Mapiko ake ngaakulu, okongola, ndipo ngathunthu, ngakhale nthano imati nthenga zidayoyoka. Draper adasiya choonadi cha nthanoyo kuti mnyamatayo afe mwaulemu, ndipo ife tiona kuti kukongolako kudachepetsa ululu umene Ovid adauika poyera. Henri Matisse adachita mwina. Atachitidwa opaleshoni yaikulu mu 1941 sankatha kuimirira nthawi yaitali, ndipo adayamba kudula mapepala opakidwa utoto ndi sizasi. Icarus wake, amene adatuluka m'buku lotchedwa Jazz mu 1947, ndi chithunzithunzi chakuda cha munthu wotambasula manja pa thambo lobiriwira, pachifuwa pali kadontho kofiira, ndipo mozungulira muli zinthu zachikasu zothetheka. Ena amati ndi nyenyezi. Ena, pokumbukira kuti adazidula nkhondo yachiwiri ili mkati ndipo dziko la France lili m'manja mwa adani, amati ndi mabomba akuphulika. Munthu sangadziwe ngati mnyamatayo akukwera kapena akugwa.

Nthanoyi idalowanso m'mkangano wa anthu ophunzira pa za sayansi. Mu 1923 J. B. S. Haldane adakamba nkhani ku Cambridge imene idasindikizidwa ndi mutu wakuti Daedalus, yonena za zazikulu zimene sayansi idzachitira anthu. Mu 1924 Bertrand Russell adamuyankha ndi kabuku kotchedwa Icarus. Mantha ake adali akuti luso latsopano lidzaonjezera mphamvu za olamulira m'malo moonjezera chimwemwe cha anthu, ndi kuti mitundu ya anthu imene akatswiri aiphunzitsa kuuluka ingathe kuona zimene adaona mwana wa Daedalus. Patapita zaka 13 ndege zidaphwasula tauni ya Guernica ku Spain, ndipo mu 1945 ndege imodzi idaponya bomba limodzi pa Hiroshima.

Tsono pempho lathu kwa aphunzitsi nlakuti nthanoyi isamathere pamene mnyamatayo wagwera m'madzi. Awerengereni ana za nkhwali ija. Aonetseni chithunzi cha ku Brussels, chimene chimapezeka mosavuta m'mabuku ndi pa intaneti, ndipo muwapatse mphindi zingapo kuti amfunefune okha Icarus musanawalozere. Kenaka afunseni kuti ndani mwa anthu a m'chithunzimo akadatha kuchitapo kanthu, ndiponso ngati Daedalus adachita bwino kutsogola m'malo motsatira m'mbuyo, kumene akadamuona mwanayo akuyamba kukwera. Mafunso amenewa ali ndi mayankho oposa limodzi, ndipo mphunzitsi asachite mantha ana akagawikana. Funso lomalizali likhudzanso mkulu wa ntchito aliyense amene amalandira mnyamata wongochoka ku koleji, namuuza malamulo tsiku loyamba, nampatsa makiyi a ofesi kapena a galimoto, osabwereranso kukaona m'mene zikuyendera.

Ulendo wa m'nthanowu udayesedwapo m'zaka zathu zomwe. Akatswiri ndi ophunzira a ku Massachusetts Institute of Technology ku America adapanga ndege yopanda injini, yoyendetsedwa ndi miyendo ya munthu monga njinga, yolemera makilogalamu 31 okha, naitcha Daedalus. Okaiyendetsa adasankhidwa pakati pa akatswiri opalasa njinga ndipo adaphunzitsidwa kwa miyezi yambiri. Pa 23 April 1988, Mgiriki wina, Kanellos Kanellopoulos, adanyamuka nayo ku Heraklion pa chilumba cha Crete, akuuluka mamita owerengeka chabe pamwamba pa madzi, mabwato akumperekeza pansi. Adapalasa maola atatu ndi mphindi 54, mtunda wa makilomita 115, mpaka chilumba cha Santorini. Atatsala mamita ochepa kuti afike pamchenga, mphepo idathyola mchira wa ndegeyo ndi phiko lake, ndipo idagwera m'nyanja. Kanellopoulos adatuluka m'zidutswazo nasambira mpaka kumtunda.